Antivayirasi ya Amalume

Lolemba, m'mawa

Laputopu yayambanso kulira. Kafani kam'kati kakuzungulira ngati chigayo, pansi pake pakutentha poti ukhoza kuyanikapo thewera. Akazi anga, Mayi a Tadala, akulemba liwu limodzi, akupita kukatunga madzi pampopi, pobwera ndiye liwulo likutulukira pa sikirini. Ndakokomeza, koma pang'ono chabe.

Ndilembe zoona zokhazokha, poti kope ili ndi langa ndekha.

Laputopuyi ndi yawo. Anawabweretsera achimwene awo a ku Joni. Ine mu Januwale, iwo ali kumaliro ku Dedza, ndinaigawa pawiri. Mbali imodzi ndinasiya Windozi yawo, mbali inayo ndinaikako Linakisi yanga, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windozi, yophunzirirapo kupanga mawebusayiti, chifukwa sindikufuna kukalamba ndikugulitsa misomali ndi penti m'shopu ya eni. Tsopano ukaiyatsa imayamba yakufunsa kuti ulowa mbali iti. Sindinapemphe. Ndinawauza atabwera, titadya, atakhuta. Mwachidule ndine mkamwini m'laputopu muno, ndinamanga kanyumba kanga pamalo a eni.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Lipoti la kafukufuku wa dipuloma yawo ya uphunzitsi liyenera kutumizidwa pa intaneti Loweruka isanakwane 12 koloko masana. Mutu womaliza sunathe. Chaka chatha analephera chifukwa Tadala anagonekedwa m'chipatala sabata yeniyeni yotumizira, ndipo anzawo anavala magauni iwo akuonera pafoni. Akaphonyanso ulendo uno, kusukuluko anena kale kuti adzayambira pachiyambi.

Chigamulo cha m'mawa uno, akumanga duku: "Isanabwere Linakisi yanuyo laputopuyi inali phee. Mapanga awiri avumbwitsa, Bambo a Tadala."

Akuti ikafika Lachisanu isanachire aitengera kwa mkulu wokonza makompyuta pamsika. Mkulu ameneyo ndimamudziwa. Mankhwala ake ndi amodzi basi, kufomata, kutanthauza kusesa zonse n'kuyamba mwatsopano. Batani lagomoka, kufomata. Chaja yapsa, kufomata. Ntchito yanga ya miyezi naini ipita ndi tsache lomwelo.

Pulani:
1. Kupeza chimene chikudya purosesa.
2. Kuchichotsa.
3. Kuonetsa kuti Linakisi ilibe mlandu.
4. Kulandira chipepeso modzichepetsa.

Zonsezi zitha mawa. Pofika Lachitatu tikhala titaiwala.

Madzulo

Anditsegulira Windozi, dzanja lina likubisa pasiwedi ngati mwana wobisa mayeso. Andipatsa mphindi teni. Ndikutsegula Tasiki Maneja, kazenera kamene kamaonetsa kuti purosesa, ubongo wa makinawa, ikugwira ntchito yochuluka bwanji komanso akuigwiritsa ndani. Ili pa 100 peresenti! Osatsika ngakhale kamodzi. Maina ataliatali akungolumphana pamndandanda, uyu pamwamba, uyo pamwamba. Ndatseka limodzi, labwereranso ndisanachotse chala.

"Nthawi yatha, ndikufuna kulemba."

Ndapempha mphindi imodzi yoonjezera. Ndazimitsa, ndalowa mbali yanga. Purosesa pa 6. Fani ziii. Ndawaitana kuti adzaone ndi maso awo, chifuwa ndatulutsa.

Ayang'ana, agwedeza mutu. "Mfiti imagona tulo tabwino. Wobuula ndi wolodzedwa."

Ndakatsuka mbale.

Lachiwiri

Kanema wa pafoni akuti laputopu ikamalira chonchi kawirikawiri limakhala fumbi. Ndipo fumbi tili nalo, Okutobala wa ku Area 23 ukayanika malaya oyera umaanula a khaki.

Ndadzuka tambala atangolira kachiwiri, ndakabwereka pampu ya njinga kwa bambo wa kabaza wa pakona. Akundifunsa ngati ndagula njinga. Ndati ndi ya laputopu. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Musapope kwambiri, ingaphulike."

Ndamasula tisikuluwu leveni, ndatiika m'sosala. Ndatsegula chivundikiro cha pansi mtima uli m'mwamba, Mayi a Tadala ataima pakhomo ndi mswachi m'kamwa.

Zimene ndapezamo:
fumbi lokwanira kudzalamo tomato,
mphemvu imodzi, yomwalira kalekale,
ulusi wa meshi (sindinanene kanthu),
khoko la mtedza, ndipo mtedza m'nyumba muno amadya akulemba ndi munthu mmodzi yekha (sindinanenenso kanthu).

Ndapopa. Fumbi lonse lathera kumaso kwanga ndi m'tiyi wa Tadala. Ndatseka. Tisikuluwu teni talowa, kamodzi katsala m'sosala, ndipo bowo lake silikuoneka paliponse. Ndakaika m'thumba la malaya mwakachetechete.

Kuyatsa. Windozi. Tasiki Maneja. 100!

Kusiyana kwake n'koti tsopano fani ikulira momasuka, mawu okwera, opanda chimfine.

"Mwaitsuka pakhosi kuti iziimba bwino," akutero, akulavula m'ngalande.

Kuntchito ndafika mochedwa, nsidze zili mbuu. Kasitomala wafuna misomali ya folo inchi, ndamupimira ya sikisi.

Madzulo ndapeza magetsi atazima kuyambira masana. Batire mbali ya Windozi likutha m'mphindi twente, poti purosesa ikuthamanga osapuma. Ndawapeza pakhonde atakhala pamphasa, akulemba mutu womaliza uja pamanja m'kope la ana asukulu, Tadala atawatsamira kumsana. Akulemba, akufufuta, akuwerenga masiku ndi zala. Sanandione msanga. Ndinabwera ndi mawu ambiri odzitetezera amene ndinawakonza mu minibasi, koma ndawameza onse. Ndamva chisoni, ndipo ndachita manyazi kuti tsiku lonse ndakhala ndikudera nkhawa mawebusayiti anga ophunzirira, amene palibe munthu anawaonapo kupatula ine.

Pulani ikadalipo. Yangosuntha ndi tsiku limodzi.

Lachitatu, nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa shopu

Ndachipeza!

M'mawa, iwo akusambitsa Tadala, Windozi ataisiya yotsegula, ndinakopera papepala maina awiri amene amalumphana pamwamba pamndandanda paja. Ndawafufuza pafoni. Onse awiri ndi maantivayirasi, mapulogalamu olondera kompyuta kuti isalowe matenda. Awiri, m'Windozi imodzi! Wina akatsegula fayilo kuti aiunike, mnzake akuti wakhudza fayiloyo ndani, nayenso akuiunika. Woyamba uja akuona kuti yakhudzidwanso, akubwereza. Tsiku lonse alonda awiri akusechana matumba pageti, mwini nyumba ali panja kudikira kuti alowe. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Linakisi ilibe mlandu! Ndadya chipisi cha pachiwaya ndi mtima woyera, ndaonjezera ndi dzira.

Madzulo

Ndalowa m'nyumba ndikuimba. Ndapeza aphunzitsi a kusukulu ya mkaka ya Tadala atakhala pampando wanga, chikwama pamwendo, nkhope itakwinyika. Amubweretsa okha mwanayo, atadikira pageti maola awiri.

Apa ndiyenera kuulula tchimo lina. Linakisi ndi Windozi zimawerenga wotchi ya m'kati mosiyana. Ukachoka mbali yanga n'kulowa mbali yawo, nthawi imabwerera m'mbuyo ndi maola awiri, ndipo poti iwo amazimitsa intaneti posunga bandulo, wotchiyo siidzikonza yokha. Izi ndinazidziwa mu Januwale momwe. Chiyambire, ndikamaliza zanga ndimadikira atsegule mbali yawo, n'kupempha kuti ndione kanthu pang'ono, n'kukonza nthawi mwakabisira. Lero m'mawa ndinadutsira mbali yanga, chimwemwe chinandikwera, ndinaiwala. Foni yawo inali pachaja kuchipinda. Iwo akulemba mosatekeseka poona 2 koloko, kunja ili 4.

Aphunzitsi atapita, ndaulula zonse.

"Miyezi naini mukundisinthira nthawi m'nyumba mwanga momwe?"

Ndati ndinkakonza, sindinkasintha. Sizinathandize.

Komabe ndatulutsa kapepala kanga, ndafotokoza za alonda awiri aja. Ndati tichotse mmodzi, mphindi faifi zokha, mavuto atha.

Kodi akuwadziwa? Akuwadziwa bwino lomwe! Woyamba anaikamo achimwene awo asanaitumize, ndipo foni iliyonse yochokera ku Joni amafunsa za ana, za mvula, kenako ngati antivayirasi ija ikugwirabe ntchito. Wachiwiri anawaikira ahedi a kusukulu kwawo masabata awiri apitawa, ndi manja awo, mu ofesi, aphunzitsi onse akuonerera. Masabata awiri! Ndi pomwe kulira kunayambira! Ndanena zimenezo mokweza, mwina mokweza kwambiri.

"Munthu wakubweretsera mankhwala ukudwala, iwe n'kukataya kudzala?"

Ndati sadzaona.

"Adzamva. Komanso munthu woti wandinamiza za wotchi, ndimukhulupirire za mankhwala?"

Ndiye zili apa. Matenda ndawapeza, kuchiza kwake ndikukudziwa, koma wodwala ndi wa eni. Masiku atsala atatu, ndipo lero alemba tsamba limodzi ndi theka.

Lachinayi

Nkhani yayenda. Mayi a Tadala anadandaulira amayi awo pafoni. Amayi awo anaimbira amalume a ku Kawale, amene ndi ankhoswe athu a kuchikazi. Sindikudziwa kuti mawu anasintha pati m'njiramo, koma amalume amva kuti m'nyumba muno mulibe mtendere chifukwa mkamwini anaika chinthu m'katundu wa mwana wawo.

Ndikufika kuchokera kuntchito, nsapato zawo zili pakhomo. Zopolishidwa. Nsapato zimenezo ndinaziona komaliza pachinkhoswe.

Amalume anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma mpaka kupuma, ndipo nkhani amaimva ngati khoti. Ayamba ndi pemphero. Amva mbali ya mwana wawo. Amva mbali yanga, maso atatseka, akugwedeza mutu pamalo olakwika. Ndafotokoza za purosesa, za alonda awiri, ndajambula ndi chithunzi kuseri kwa kalendala. Ndinayamba kukhala ndi chiyembekezo, paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Chigamulo: palibe wolakwa. Banja lili bwino. Wodwala ndi makinawa.

Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

Kenako apisa m'thumba la jekete. Atulutsa makiyi. Pamakiyipo pali fulashi yomangidwa ndi kachingwe ka nsapato.

"Antivayirasi iyi anandipatsa mnzanga wa ku ofesi yakale. Ndi yamphamvu kwambiri. Kompyuta yanga kunyumba chiikireni sinadwalepo."

Kompyuta ya amalume ndimaidziwa. Ili pakabati, yovundikiridwa ndi nsalu yoluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Siingadwale, siyatsidwa.

Ndati, "Amalume, mwina tikanayamba taona kaye..."

Mayi a Tadala andiyang'ana. Diso limodzi lokha, la pambali, akuthira tiyi. Ndadziwa kuti nawonso akuopa, chifukwa tiyiyo wasefukira m'sosala. Koma munthu wakwera maminibasi awiri ndi jekete m'dzuwa la Okutobala kudzakonza banja lako, umuuza kuti mankhwala ake abwerere nawo?

Choipitsitsa n'chakuti amalume aiwala magalasi. Ndiye woika ndine. Ndi manja angawa! Iwo ali kumbuyo kwanga, dzanja paphewa langa: "Dinani pamenepo, akamwini. Vomerani. Vomeraninso." Ndikuvomera. Chala chikudina, mtima ukukana.

Tsopano alipo atatu. Watsopanoyo wangofika n'kulengeza kuti wapeza adani awiri oopsa. Awiri akalewo nawo atulutsa mauthenga ofiira onena za mlendoyo. Fani yakweza nyimbo mpaka Tadala watseka makutu.

Amalume amwetulira. "Mwamva? Ndiye kuti mankhwala akumenyana ndi matenda. Mawa idzuka yopepuka."

Ndawaperekeza kusiteji, ndawanyamulira ambulera. Andiyamikira kuti ndine mkamwini womvera. Pobwerera ndaima pamlatho wa ngalande kwa kanthawi, kungoyang'ana mapepala a shuga akuuluka.

Lero Mayi a Tadala sanalembe ngakhale liwu limodzi pa laputopu.

Lachisanu, m'mawa

Mayi a Tadala apempha tchuthi cha tsiku limodzi kuti amalize. Ayatsa 6 koloko. Timadontho tikuzungulira. Aphika phala, tikuzungulira. Tadala wadya, wavala, ndamuperekeza, ndabwera, tikuzungulirabe. Cha m'ma 7 Windozi yatseguka. Adina lipoti. Palibe chochitika. Adinanso. Kamuvi kauma pakati pa sikirini, ndipo sikakusunthanso.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Atseka laputopu, aikulunga m'chitenje, amanga mfundo. Akupita kumsika.

Ndaima pakhomo. Ndati mkulu ujatu akasesa zonse, ndi lipoti lomwe. Akuti ali nalo lina pafulashi yawo. Ndafunsa kuti ndi la liti. Awerenga m'mutu. La masabata awiri apitawo, lopanda mutu wachinayi, lopanda matebulo a mayankho a ana onse amene anawafunsa m'sukulu zitatu, akuyenda wapansi.

Akhala pampando, mtolo pamiyendo. Akuyang'ana khoma.

"Mwina dipulomayi si yanga, Bambo a Tadala."

Mawu amenewa andilasa. Ndimawadziwa akukalipa, ndimawadziwa akundiseka, koma akugonja sindinawaonepo. Zoti Linakisi ilibe mlandu zandichoka m'mutu. Ndaimbira abwana kuti kunyumba kuli matenda. Sindinaname.

Ndapempha mtolowo. Andipatsa osandiyang'ana.

Ndalowa mbali yanga. Kuchokera kuno mafoda a mbali yawo amaoneka. Windozi ikazima mosalongosoka imasiya itakhoma, moti sungasinthemo kanthu, koma kukopera imalola, ndipo ine ndikungofuna kukopera. Foda ya "Sukulu". M'kati mwake "Lipoti lomaliza", "Lipoti lomaliza lenileni", "Lipoti lomaliza lenileni 2". Ndatenga onse. Ndatsegula lachitatulo.

Lonse lilipo! Mutu wachinayi, matebulo, mpaka chiganizo chimene chinathera panjira Lachitatu.

Ndawaitana. Abwera pang'onopang'ono, aima kumbuyo kwanga manja atapinda. Awerenga. Apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje chomwe anakulungira chija.

"Zilembo zake n'zomwezi? Sizisintha n'kukhala za kwanu?"

Ndati n'zomwezi.

"Tasunthani."

Masana

Akulemba. Akadina chilembo chikutuluka nthawi yomweyo, mpaka poyamba amadzidzimuka. Matebulo awiri anasokonekera posamuka, tawakonza limodzi, mitu itagundana. Purosesa pa 9. M'nyumba muli zii, ndikumva ngakhale nkhuku za aneba.

Ntchito zanga lero: kuphika, kuchapa yunifolomu, kukatenga Tadala nthawi yake (ndayang'ana dzuwa, foni ndi wailesi), kumuletsa kulowa pabalaza, kuwawerengera mokweza zimene analemba m'kope Lachiwiri iwo akutayipa.

Nthawi zimene ndinatsala pang'ono kunena kuti "ndinanena ine": zinayi. Nthawi zimene ndanena: ziro. Ndikudzinyadira kuposa tsiku limene ndinapanga webusayiti yanga yoyamba.

Ndafunsa mwaulemu ngati ndingalowe mbali inayo kukachotsa alonda aja. "Musakhudze chilichonse mpaka lipoti lipite." Chabwino.

Loweruka

8:00. Masamba atatu atsala, ndi mndandanda wa mabuku.

9:10. Magetsi azima! Ndatukwana, Tadala wabwereza. Koma mbali ino batire silithamangitsidwa, likulonjeza ola ndi theka. Ndachepetsa kuwala kwa sikirini mpaka akulemba atayandikitsa mphuno.

10:15. Amaliza. Akufuna kuwerenganso kuyambira pachiyambi. Ndagwada. Kugwada kwenikweni, pasimenti. Awerenga mutu womaliza wokha.

10:35. Ndalumikiza intaneti ya pafoni yanga. Tsamba la sukulu likutseguka mwaulesi, poti aphunzitsi onse a dziko lino adikira tsiku lomaliza ngati ife.

10:40. Batire latsala pang'ono. Kamzere kotumizira kafika pakati, kaima. Ndatenga foni ndaikweza pawindo, dzanja kunja, ngati ndikuitanira minibasi. Kayenda. Ndikatsitsa dzanja kakuima. Aneba akudutsa akundipatsa moni, ndikuyankha ndi mutu.

10:52. "Lalandiridwa." Ajambula sikirini ndi foni katatu. Laputopu yazima yokha asanaitseke.

Nthungululu! Anyamula Tadala, avina naye kuzungulira tebulo, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine dzanja lachita dzanzi, ndipo m'maso mwalowa kanthu.

Kenako mafoni. Kwa achimwene ku Joni: lapita, zikomo chifukwa cha laputopu ndi chitetezo chake. Kwa ahedi: lapita, zikomo pondithandiza. Kwa amalume: lapita amalume, Mulungu akudalitseni, kubwera kwanu kunasintha zinthu. Pamenepo sananame, kunasinthadi.

Ine ndili pompo, ndikusisita dzanja. Dzina langa silinamveke pafoni iliyonse. Ndachita nsanje, ndivomere. Nambala 4 ya pulani yanga ndaifufuta ndekha.

Madzulo magetsi atayaka, ali mbali yanga, akundifunsa mokoma kuti, "Kodi kuno pasiwedi amasintha bwanji?" Ndawaphunzitsa bwinobwino, pang'onopang'ono, mosangalala kuti ayamba kuchita chidwi.

Lamulungu

Ndadzuka, ndayatsa, ndasankha mbali yanga. Pasiwedi yanga ikukanidwa. Ndayesa katatu. Ndipamene ndakumbukira phunziro la dzulo. Mphunzitsi wabwino ndine.

Akuti kuno kwawasangalatsa, n'kwabata, ndipo mapulani a maphunziro a teremu yonse azilembera kuno. Ine nditenge mbali ya Windozi, "poti inu ndi amene mumadziwa zokonzakonza." Alonda atatu aja asachotsedwe, eni ake akhoza kubwera kudzawaona.

Pochokera kutchalitchi tapeza nsapato zopolishidwa zija zikutidikira pakhonde, eni ake ali m'kati mwake. Amalume abwera kudzaona wodwala wawo. Adya nafe. Afotokozera aneba mmene anachiritsira makina ndi banja tsiku limodzi. Ine ndikungoti, "Indedi, amalume."

Atasamba m'manja apempha kuti aione. Mayi a Tadala aibweretsa, ayatsa, ndipo yafunsa funso lake lija loti ulowa mbali iti. Lero magalasi abwera nawo.

"Bwanji pali maina awiri? Iyi yachiwiriyi ndi ija ya akamwini?"

Ndavomera.

"Ili ndi mankhwala?"

Ndati ilibe, amalume, siifuna kwenikweni.

"Palibe chinthu chosafuna mankhwala." Dzanja m'jekete. Makiyi. Kachingwe ka nsapato. "Tsegulani, tiike. Tisasiye mbali ina ili pamtunda."

Kaya ikanalowa kaya ikanakana, sindikudziwa, koma ndikudziwa kuti tikanayesa mpaka china chake chitathyoka. Ndatambasula dzanja kuti ndilandire fulashiyo, poti ndine mkamwini womvera.

Mayi a Tadala atseka laputopu. Agwada pambali pa mpando wa amalume, manja pamodzi, mawu otsika.

"Pepani amalume, kumeneko ayi. Kumeneko ndi kwa amuna anga. Lipoti lija linatulukira kumeneko, ndipo analitulutsa ndi iwowa. Musakhudzeko."

Zaka sikisi ndili m'banja lino, sindinawamvepo akukana chinthu kwa amalume, ngakhale dzina la mwana wathu anasankha ndi amalumewo. Amalume ayang'ana mwana wawo, ayang'ana ine, ayang'ana fulashi. Aibweza m'thumba pang'onopang'ono. Akuti ana a masiku ano. Kenako apempha tiyi wina, ndipo amwa makapu awiri, ndiye ndikuganiza kuti tikhululukidwa isanafike Khirisimasi.

Ndawaperekeza amalume kusiteji. Ulendo uno ambulera anyamula okha.

Pobwerera ndimayenda ngati ndakwezedwa pantchito. Ndapeza Mayi a Tadala akutsuka mbale kuseri. Ndaima pafupi, ndatsokomola, ndati zikomo. Akuti ndiwapatsire sopo. Ndawapatsira. Kenako ndati, poti mwanena nokha pamaso pa ankhoswe kuti kumene kuja ndi kwanga, mwina mungandiuzeko pasiwedi.

Sanatembenuke n'komwe.

"Lero ndakana amalume. Inu ndingakulephereni?"

Ndikulemba izi patebulo, laputopu ili pambali panga, mbali ya Windozi. Ndinaiyatsa nditangolowa, timadontho tikuzungulirabe. Tasiki Maneja sinditsegula, nambala yake ndikuidziwa. Akuti akamaliza mbale adzanditsegulira kwanga kwa ola limodzi, ndikapukuta mapoto.